Nkhope ya Abusa pa Citenge

Acinyamata anzanga, ndani analamula kuti nkhope ya abusa ikhale pa citenge, pa kalenda ndi pa cikwangwani, yaikulu kuposa dzina la mpingo? Tikafunsa, akulu ena ayankha kuti abusa akhala akujambulidwa kuyambira pamene kamera inabwera. Zoona. Koma oyambawo anajambulidwa cifukwa ca ciani?

Pa 18 May 1843, mumzinda wa Edinburgh, abusa oposa 450 anaturuka mu Church of Scotland, natsegula Free Church motsogozedwa ndi Thomas Chalmers. Mlandu unali wakuti eni minda olemera ndiwo anali kusankhira mipingo abusa, akhristu afune asafune. Poturuka, abusawo anasiya malipiro, nyumba zogonamo ndi machalichi. Mipingo ina inapemphera panja, pamphepo, eni minda atakana kupereka malo.

David Octavius Hill, wojambula ndi penti, anafuna kuika nkhope zonsezi pa cithunzi cimodzi, koma abusa anali pafupi kubwerera kwao. Motero anagwirizana ndi Robert Adamson, mnyamata wa zaka 22 wodziwa kamera. Mbusa anali kukhazikidwa padzuwa, osagwedezeka ngakhale pang'ono, kufikira nkhope itagwira pa pepala. Cithunzi ca penti cinatha mu 1866. Ndipo musaiyese nkhani ya alendo okha: mpingo womwewo ndiwo unatumiza amishoni a Livingstonia mu 1875, amene nchito yao inafika ku Mwenzo, Lubwa ndi Chasefu.

Zithunzi zija zinali umboni wakuti munthu uyu anataya nyumba pokana kuti wacuma alamulire guwa. Nanga ca lero cicitira umboni ciani? Suti yonyezimira, mphete, galimoto kumbuyo, mwina ndi wandale pambali akumwetulira, yemwe uja wopereka simenti nthawi ya masankho. Ndiye mai wogulitsa tomato agule citengeco mokakamizidwa, kuopa kuoneka wosamvera pa tsiku la cigwirizano. Ici n'colakwika, ngakhale abusawo akhale okoma mtima cotani.

Hill ndi Adamson sanathere pa abusa. Anapitanso ku Newhaven kukajambula asodzi ndi amai ogulitsa nsomba, madengu ali pambali. Ife kalenda yathu sinaonetsepo mai wosesa m'chalichi kapena mkulu woyenda pa njinga kukaika maliro kumudzi. Nkhani ya kalenda ikabwera pa msonkhano wotsatira, tisasonkhe ndalama kufikira atatiuza amene adzakhalepo.