KULERA ANA ATHU: Nthawi Yofulumira ndi Nthawi Yodekha



Mwezi uno tikambirane za phunziro limene ambiri aife timaliyesa masewera cabe, ndilo kuphunzitsa mwana kusiyanitsa cinthu coyenda mofulumira ndi coyenda pang'onopang'ono. Pa msewu wocokera ku Chipata kudza kuno ku Lundazi pamayenda ngolo ya ng'ombe, njinga yopalasa, njinga yamoto ndi lole lodzaza thonje kapena cimanga. Mwana amene timamtuma kukagula mcere kutsidya kwa msewuwo ayenera kudziwa kuti zinai izi sizifanana pa liwiro.

Mwana sabadwa naco cidziwitso cimeneci. Katswiri wa maganizo a ana wa ku Switzerland, Jean Piaget, adafalitsa buku la nkhaniyi m'caka ca 1946. Iye adapeza kuti mwana wamng'ono amazindikira liwiro pokhapokha ataona cinthu cina cikupitirira cinzace. Tizidole tiwiri tikalowa pamodzi m'mipita iwiri, wautali ndi waufupi, ndi kuturukiranso pamodzi, mwanayo amati liwiro lao ndi limodzi. Tsono galimoto lobwera molunjika kwa iye, lopanda cina colipitirira, angaliyese bwanji?

Tiyeni tiwerengere. Galimoto lothamanga makilomita 60 pa ola limadutsa pafupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Mwana akatenga masekondi 6 kuoloka msewu, galimotolo layenda kale mamita 100, ndiko kutalika kwa bwalo la mpira. Cimene mwana aciona ngati ciri kutali ciri pafupi ndithu.

Nanga tiyambire pati? Tiyambire pabwalo pathu, popanda kugula kanthu. Mwana amaphunzira ndi thupi lace asanaphunzire ndi mau. Muuzeni ayende ngati fulu, kenaka athamange ngati kalulu. Akwawe ngati birimankhwe, adumphe ngati gwape. Ombani m'manja kapena ng'oma: ikalira modekha ayende modekha, ikafulumira afulumire, ikaleka aime nji pomwepo. Kuima kumeneku ndiko kofunika koposa, pakuti mwana wodziwa kuimitsa miyendo yace pakumva cizindikiro adzaimanso m'mphepete mwa msewu amai ace akamuitana.

Nchito za pakhomo nazonso ndi sukulu. Amai posinja amafulumiza munsi, koma posenza ndowa yodzaza madzi amayenda modekha. Funsani mwana cifukwa cace, ndipo mumsiye aganize. Kwa ana a zaka 6 kapena 7, lembani mizere iwiri pansi, wautali ndi waufupi. Ana awiri ayambire pamodzi ndi kufikira pamodzi. Anzao anene amene anafulumira. Gwiritsani nchito cilankhulo ca pakhomo. M'mabanja ambiri a m'boma lathu mwana amayamba kumva "luwiro" ndi "pacoko-pacoko" m'Citumbuka, ndipo akagwira tanthauzo lace sadzabvutika ndi mau a Cinyanja kusukulu.

Kufulumira ana amakukonda okha. Cobvuta ndico kudekha. Maria Montessori, dotolo Wacikatolika amene adatsegula nyumba yace yoyamba ya ana ku Rome m'caka ca 1907, ankalemba mzere pansi ndi kuwayendetsa anawo pamwamba pace mosamala, ena atanyamula kapu ya madzi kapena kabelu kosayenera kulira. Ifenso tiri nao mwai wotere Lamulungu liri lonse. Ana otumikira pa guwa amayenda modekha ndi mtanda ndi makandulo, pamene ana a Stella amatsata kulira kwa ng'oma. Tiwafotokozere kuti kuyenda modekha popita kukalandira Ukaristia ndi ulemu kwa Ambuye. Tiwakumbutsenso kuti Amai Maria adafulumira kupita kwa Elizabeti, pakuti kuthandiza mnzako sikufuna kuzengereza.

Komabe, makolo anzanga, masewerawa asatipusitse. Mwana wosafika zaka 10 asaoloke yekha msewu waukuru. Mgwireni dzanja, imani naye, yang'anani kumanja, kumanzere ndi kumanjanso, mumvetsere, ndipo muoloke moyenda osati mothamanga. Muli ciimire, mfunseni kuti: "Nciani cidzayamba kufika pano, ngolo ija kapena njinga yamoto?" Akalakwa musamkalipire, dikirani aone yekha yankho. Inunso abambo oyendetsa njinga zamoto ndi magalimoto, cepetsani liwiro pafupi ndi sukulu, msika ndi chalichi, pakuti mwana wa mnzanu ndi wanu yemwe.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Sabata ino patulani mphindi 10 madzulo ali onse, musewere ndi ana anu masewera a fulu ndi kalulu. Pa msonkhano wa mphakati wanu kambiranani za malo amene ana a m'mudzi mwanu amaolokera popita kusukulu, ndi za wamkulu amene angamawaperekeze.

Mulungu adalitse mabanja anu. Tidzacezanso mwezi wamawa.