Jazi wathu wafika ku Geneva, ku Kamwendo sitinamujambule

Mwezi watha mphwanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg ananditumizira linki pa WhatsApp, n'kulemba pansi pake kuti: "Achimwene, tamverani izi. Si zakwathu zimenezi?" Nditatsegula ndinapeza kuti ndi wailesi ina ya pa intaneti ya ku London. Muulutsi wake ankaika nyimbo zongotuluka kumene za m'maiko osiyanasiyana, ndipo pakati pa gulu la ku Brazil ndi lina la ku Ethiopia panalira babatoni wa Madalitso Band. Mzunguyo anavutika kutchula dzina la nyimbo, lilime linakana, koma ankadziwa dzina la chimbale, chaka chimene chinatuluka komanso kampani imene inachitulutsa.

Ndinasangalala, sindinama. Koma chimwemwecho sichinakhalitse, chifukwa masiku awiri okha m'mbuyomo ndinali nditaima pamsika wa Kamwendo kumvera anyamata atatu akuimba nyimbo za mtundu womwewo. Mmodzi anali ndi banjo ya chigubu cha mafuta yokhala ndi nsambo za waya wa mabuleki a njinga. Wina anakhalira babatoni, akukwapula nsambo ndi kamtengo kwinaku akuyendetsa botolo. Wachitatu anali pang'oma ya chikopa cha mbuzi ndi tizitsekerero ta mabotolo totungidwa pawaya. Anthu anaunjikana, amayi ena ogulitsa mbatata anavina mpaka chitenje kumasuka, m'mbale munagwa ma K100 ndi ma K200. Dzuwa litapendeka anyamatawo anamanga zida zawo panjinga n'kumapita. Nditawafunsa ngati ali ndi nyimbo yojambulidwa, wabanjoyo anaseka: "Bwana, kujambula n'kwa a m'tauni."

Mawu amenewo ndi amene andilembetsa lero.

Tiyambe tagwirizana za dzina. Ukati jazi ku Lilongwe, ena amaganiza za saxophone, mipando ya pakapinga ndi anthu ogwira matambula a vinyo. Jazi ameneyo alipo ndithu, ndipo sindikumunyoza. Wambali Mkandawire, amene anatisiya mu January 2021, anaonetsa kuti Chitumbuka chikhoza kukhala pamwamba pa zida za jazi popanda kuchita manyazi. Erik Paliani anafika poimba ndi kujambula chimbale ndi Hugh Masekela ku South Africa. Lilongwe Jazz Festival, imene inayamba mu 2018, yathandiza kuti achinyamata aone kuti kuimba ndi zida zenizeni si ntchito ya madala okha. Zonsezo n'zabwino.

Koma kumudzi mawu akuti jazi ali ndi tanthauzo lake lakalekale. Anabwera ndi makolo athu amene anapita ku Joni ndi Wenela, ena ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ena kumigodi ya ku Copperbelt. Pobwera anatenga masutukesi, zipewa, magalamafoni, mabanjo ndi magitala, ndipo ana amene analibe ndalama yogulira zidazo anazisema okha. Gulu lililonse la banjo ndi ng'oma linkadzitcha jazz band, nthawi zambiri n'kutenga dzina la mtsinje kapena phiri la kwawo. Alan Namoko wa ku Thyolo, munthu wosaona amene anamwalira mu 1995, ankaimba ndi Chimvu Jazz Band. Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi mwa Singano ku Chileka anatenga kwela wa ku South Africa n'kumuveka malaya a kuno. Uyu ndiye jazi amene ndikunena, wa fumbi kumapazi.

Tsono funso ndi ili: n'chifukwa chiyani a Kachamba timawadziwa mpaka lero, pomwe magulu ambirimbiri a nthawi yomweyo anazimirira ngati utsi? Luso anali nalo, inde. Komanso anakumana ndi munthu wa makina ojambulira. Gerhard Kubik wa ku Austria anawapeza akuimba ku Blantyre mu 1967, anawajambula mawu ndi kanema, analemba maina awo ndi mmene ankachunira gitala. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001, koma mwana wa sukulu ku Vienna kapena ku Zomba akhoza kuwamvera lero. Hugh Tracey naye anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 ndi makina ake, ndipo zimene anajambula zikusungidwa ku International Library of African Music ku South Africa. Amene anaphonyana ndi makina aja, nyimbo zawo zinalowa nawo m'manda.

Kuno ku Mchinji tinali pakhomo penipeni pa ulendo umenewu. Nthawi imene boma lino linkatchedwa Fort Manning ndipo Chipata ali Fort Jameson, anthu ankadutsa pano kupita ku Northern Rhodesia ndi kubwerako. Kenaka kalindula wa ku Zambia analowera pomwepa, m'makaseti ndi m'mawailesi, n'kusakanikirana ndi kaimbidwe ka chimtali, ka ingoma ya Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni, ndi ng'oma za kudambwe. Aliyense amene anakulira ku Mkanda, ku Kapiri kapena ku Waliranji akukumbukira gulu lina la banjo limene linkasokosa paukwati kapena pamowa wa masese fodya akagulitsidwa. Tafunsani lero kuti tepi ya gulu limenelo ili kuti. Mudzangouzidwa kuti woimba wake anamwalira, wang'oma anasamukira ku Lundazi, ndipo banjo anaidya chiswe.

Kale tinali ndi chodzikhululukira. Makina ojambulira anali okwera mtengo, situdiyo inali ya MBC ku Blantyre, ndipo woimba wa ku Mchinji ankafunika kugulitsa mbuzi kuti akafike kumeneko. Lero chodzikhululukira chimenecho chatha. Foni yapakatikati ndi maikolofoni imodzi yabwino zikujambula bwino kuposa makina amene Tracey ankanyamula pagalimoto. Ndipo nyimbo ikajambulidwa, njira yake yotulukira ilipo. Wailesi ya pa intaneti siyifuna mlongoti paphiri. Pa Radio Garden munthu amangozunguza dziko lapansi ndi chala, n'kuima pamzinda umene akufuna, n'kumva chimene wailesi ya kumeneko ikuulutsa nthawi yomweyo. Mawailesi ngati NTS ya ku London amakhala ndi aulutsi amene ntchito yawo ndi kusakasaka nyimbo zimene ena sanazimve. Anthu amenewa ali ndi njala ya zinthu ngati zimene ndinamva pa Kamwendo.

Umboni wake ndi Madalitso Band yomweyo. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni anaimba m'misewu ya Lilongwe zaka zambiri, anthu akuwaponyera makobidi n'kumadutsa. Mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera apo kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa Wasalala mu 2019 ndi Musakayike mu 2022. Sanasinthe zida, sanasinthe chiyankhulo. Tsidya linalo nako zachitika: gulu la WITCH la Jagari Chanda, limene ku Zambia ambiri ankaliyesa mbiri yakale ya m'ma 1970, linadzuka pamene zimbale zake zakale zinatulutsidwanso kunja, ndipo mu 2023 linatulutsa chimbale chatsopano, Zango.

Apa wina anena kuti, a mkonzi, mukulota masana. Ndani ku Mchinji amamvera wailesi pa intaneti? Bandulo ndi yodula, netiweki imathawa ukangopatuka pamsewu wa M12, ndipo kufupi ndi malire foni imalumphira yokha ku netiweki ya ku Zambia n'kukudyera mayunitsi. Ndikuvomera. Mlimi wa mtedza wa kwa Mavwere amamvera kawailesi ka mabatire kapena FM ya pafoni yamabatani, ndipo nyimbo amakazithiritsa pa memory card kwa mnyamata wa kompyuta pamsika. Zimenezi sizisintha mawa. N'chifukwa chake sindikunena kuti titaye FM. Ndikunena kuti ziwirizi zigwirane manja: pologalamu imodzi, iuluke pa FM kuti amve a kwa Dambe, ikhalenso pa intaneti kuti amve mphwanga ku Johannesburg ndi muulutsi uja wa ku London.

Tili nayo kale wailesi ya m'dera, Mudziwathu, imene anthu a m'boma lino amaikhulupirira pa nkhani za ulimi, za sukulu ndi za maliro. Pempho langa kwa akuluakulu a wailesiyi ndi laling'ono: ola limodzi pa sabata la magulu a banjo ndi babatoni a m'boma lino, akuimba pompopompo, osati nyimbo za pakompyuta. Gulu lililonse lijambulidwe nyimbo zitatu kapena zinayi, lifunsidwe maina a oimba, mudzi, amene anawaphunzitsa ndi amene anapeka nyimboyo. Zikatha kuuluka zisafufutidwe kuti papezeke malo a uthenga wa malonda. Zisungidwe pamalo awiri, ndipo ziikidwe pa intaneti ndi maina olondola. Pakutha pa chaka tidzakhala ndi magulu makumi angapo osungidwa, chinthu chimene boma lino silinakhalepo nacho.

Ndipo tisaiwale kuti omvera athu sathera pa Mwami. Ku Chipata, ku Katete, ku Chadiza amayankhula chiyankhulo chathu chomwechi. Chaka ndi chaka timakumana nawo ku Kulamba ku Mkaika mu August ndi ku Ncwala ku Mtenguleni mu February. Breeze FM ya ku Chipata ili pamtunda wa makilomita ochepa chabe kuchokera pachipata. Atsogoleri a maiko awiriwa anatsegula One Stop Border Post mu December 2022 kuti malole a feteleza ndi simenti asamachedwe. Nanga kusinthana mapologalamu a nyimbo pakati pa wailesi ziwiri kungavute pati? Fayilo ya nyimbo siyidinditsa pasipoti.

Tsopano ndifike pamene pali minga, chifukwa ndikabisa apa ndikhala ndawanamiza anyamata aja. Kumveka pa intaneti si kulemera. Spotify inafika m'Malawi mu 2021, koma ndalama imene imapereka pa kumvera kumodzi ndi kachigawo kakang'ono ka senti ya ku America, ndipo kuyambira 2024 nyimbo imene siinamveredwe kokwana 1,000 pa chaka siyilandira kalikonse. Ngakhale ndalamayo ipezeke, imadutsa m'maakaunti akunja amene woimba wongokhala ndi Mpamba kapena Airtel Money sangawafikire yekha. Apa ndi pamene amalowera ankhalapakati. Tonse tinaona za agogo a Giddes Chalamanda: Linny Hoo, imene anaimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, inamvedwa ndi anthu mamiliyoni pa TikTok m'maiko amene agogowo sanawapondepo, koma kutchuka konseko sikunasanduke ndalama yolingana nako m'thumba mwawo. Ngati zinatero ndi munthu wodziwika dziko lonse, kuli bwanji mnyamata wa pa Kamwendo?

Ine ndinaonapo ndi maso anga. Zaka zingapo zapitazo kunabwera alendo ena ndi makamera m'mudzi wa kuchikazi kwanga, n'kujambula mkulu wina woimba banjo tsiku lathunthu. Anamupatsa fanta, buledi ndi kandalama ka sopo, n'kumusainitsa pepala la Chingerezi limene sanaliwerenge. Patapita miyezi mdzukulu wake anapeza kanemayo pa YouTube, dzina la agogo ake litalembedwa molakwika, mudzi osatchulidwa. Mkuluyo anamwalira asakudziwa kuti pepala lija linkanena chiyani. Banja lilibe ngakhale kope.

Choncho kujambula kumene ndikupempha kuyende limodzi ndi pepala lomveka, la m'Chichewa, lonena kuti nyimbo ndi ya woimba, wailesi yangopatsidwa chilolezo choulutsa ndi kusunga, ndipo aliyense wakunja wofuna kuigulitsa ayambe wakambirana ndi mwini wake. COSOMA, imene yakhala ikutolera ndalama za oimba kuyambira 1992 ndipo masiku ano imagawanso za blank media levy, isadikire kuti woimba wa ku Mkanda akwere minibasi ya makilomita oposa 100 kukalembetsa ku Lilongwe. Ibwere ndi mafomu pa tsiku la msika, monga amachitira a katemera ndi a kalembera wa mavoti. Woimba amene sanalembetse sangalandire kanthu ngakhale nyimbo yake ilire m'minibasi iliyonse ya pa M12.

MACRA nayo ili ndi thumba la Universal Service Fund lothandizira kuti mauthenga afike kumadera akumidzi. Kulipirira intaneti ya wailesi ya m'dera kuti izimveka kunja kwa mlongoti wake ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi zimene timamva kuti zapita kumisonkhano ya kunyanja. A khonsolo ya Mchinji, inunso muli ndi ofesi yoona za achinyamata ndi chikhalidwe. Magulu amenewa mumawakumbukira nduna ikamabwera, kuti adzasangalatse anthu podikira. Muwakumbukirenso pokonza bajeti.

Kwa oimba a jazi a mumzinda, amene mwaphunzira manotsi ku Music Crossroads ndi kwina, ndingoti tabwerani mudzamve. Ulendo wake ndi wa maola awiri. Mudzapeza kachunidwe ka banjo kamene mulibe m'mabuku anu, ndi babatoni amene amayenda mosemphana ndi ng'oma m'njira imene woimba bass wa pasukulu angatuluke nayo thukuta. Mukatengako kanthu, dzina la mwini wake lilembedwe pachimbale.

Anyamata a pa Kamwendo aja ndinatenga nambala ya mmodzi. Sabata yatha ndinaimba, anayankha mkazi wake. Akuti bambo apita kukagwira ganyu kumunda wa fodya tsidya la Zambia, abwera mvula ikatha. Babatoni anamusiya kwa mlamu wake, ndipo chikopa chayamba kung'ambika.