Moto wa M'nyumba Ufuna Makomo Awiri

Alimi anzanga a ku Chipata, m'miyezi ya June ndi July ambiri a ife timatseka citseko ndi mazenera onse kuti kutentha kwa moto kusathawe. Ine nditi cizolowezi cimeneci ncoipa, ndipo capha anthu. Moto wa m'nyumba ufuna makomo awiri: lina lolowera mpweya wabwino, lina loturukira utsi.

Inu amene muumitsa fodya m'mabalani mudziwa kale nzeru imeneyi. Mpweya wotentha ngwopepuka, motero ukwera m'cumuni. Pokwerapo ukoka mpweya watsopano pa khomo la ng'anjo, ndipo moto uyaka bwino. Mukatsegula kwambiri, nkhuni zitha msanga, kutentha nikuthawira kumwamba. Mukatseka konse, moto ufooka, utsi nubwerera. Citofu ca m'nyumba cicita cimodzimodzi.

Cifukwa cace poyatsa moto tsegulani kakhomo ka pansi konse kufikira cumuni citatentha, pakuti cumuni cozizira sicikoka. Moto ukakolera, cepetsani mpata pang'onopang'ono, koma musatsekeretu. Cumuni cipitirire nsonga ya denga ndi mafiti 2, kuti mphepo isabweze utsi. Sonkhezani nkhuni zouma zokha. Zaziwisi zidzaza cumuni ndi mwaye, umene ucepetsa njira ya utsi, ndipo ukhoza kugwira moto. Palani mwayewo cisanu cisanafike.

Tsono ana athu ambiri akhala ku Lusaka, m'makomboni a Kanyama, Matero, Chawama ndi Mtendere. Kumeneko amaotha mbaula, ndipo mbaula iribe cumuni konse. Wina adzati, "Makala akafiira alibe utsi, nanga coopsya nciani?" Apa mpamene pabisala ngozi. Makala oyaka m'cipinda cotseka aturutsa mpweya wakupha wochedwa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Munthu ayamba kumva mutu, cizungulire ndi mseru, kenaka agona tulo tosadzuka nato. Denga la udzu la kumudzi lipatsa mpweya mipata yopulumukira, koma cipinda ca simenti ndi malata, cotsekedwa ndi nsanza m'ming'alu monse, ciusunga ngati mtsuko wobvundikira.

Winanso adzati, "Tikatsegula zenera ana adzazizidwa." Inde adzamva mphepo, koma mphepoyo bulangeti liigonjetsa, ndipo palibe bulangeti lingathe kuletsa mpweya wakupha uja.

Motero pamene mutumiza ufa ndi nsawa ku Lusaka, tumizaninso mau awa: mbaula ikoleredwe pabwalo, poiotha m'nyumba zenera likhale lotsegula, ndipo nthawi yogona ikakwana, iturutsidwe kunja. Mukapeza munthu wakomoka pafupi ndi mbaula, tsegulani citseko, mturutseni kunja, nimuthamangire naye ku cipatala, ngakhale aoneke ngati watsitsimuka. Musadikire kuti kuce.