Mbuzi ya Aaron

Pali buku la ana limene ndifuna kuti inu anzanga muwawerengere ang'ono anu. Dzina lake ndi Zlateh the Goat and Other Stories, la mu 1966. Analemba ndi Isaac Bashevis Singer, Myuda wobadwira ku Poland, zithunzi anajambula Maurice Sendak.

Nkhani yoyambirira kuikonda ine ndi ya mbuziyo. Atate ake a Aaron amasoka zovala za ubweya, koma caka cimeneco sikunazizire, malonda anaima. Cikondwerero ca Hanukkah cafika pafupi, m'nyumba mulibe ndalama ya makandulo ndi mafuta. Basi atuma mnyamatayo, wa zaka 12, kuti akapereke mbuzi yawo yokalamba kwa wopha nyama ku tauni. Panjira cipale cofewa cinagwa mwamphamvu, njira inasowa. Aaron anakumba mphanga mu mulu wa udzu wouma, nabisalamo ndi mbuzi masiku atatu. Mbuzi inali kudya udzu, iye kumwa mkaka wake. Atafika kunyumba, za kuigulitsa palibe anazikambanso.

Wina adzati ana athu cipale sanacionepo, Hanukkah saidziwa. N'zoona. Koma mwana wa mu Kanyama kapena mu Matero amene anaona amai ake akugulitsa wailesi kuti agule unga, nkhaniyi aimva msanga kuposa ife. Cimene ndiikondera n'cakuti umphawi saubisa kwa mwana, ndipo atate aja sanawasandutse munthu woipa. Ndi bambo cabe amene zamuvuta. Mabuku ambiri amene timapatsa ana amathamangira kulangiza, ngati kuti mwana sangaganize yekha.

Cinanso ndi cilankhulo. Singer anali kulemba m'Ciyidishi, cilankhulo ca Ayuda a kum'mawa kwa Europe. Pa Ayuda 6 miliyoni amene Anazi anapha, ambiri anali olankhula cimeneci. Iye anali kukhala ku New York, pakati pa Cizungu, koma cilankhulo ca amai ake sanacisiye, ndipo mu 1978 analandira mphoto ya Nobel. Ise kuno mwana akayankha m'Cinyanja pamaso pa alendo, ena timacita manyazi.

Ndayamba kuyesa kuisimba m'Cinyanja kwa ana a mlongo wanga madzulo malaiti akapita. Za cipale cofewa ndimacedwa kufotokoza, koma iwo funso lawo ndi limodzi cabe: kodi mbuzi ija adzaipha?