Mwambi umene andale aupotoza

Adzukulu anga, andale aupotoza mwambi uja wakuti "kupatsa n'kuika." Makolo athu ponena mawuwa ankaganiza za mnansi wopungulira mnzake lichero la chimanga m'mwezi wa Febuluwale, podziwa kuti njala siona nkhope, mawa idzagogoda pakhomo pake. Nanga bwana wotsika m'galimoto pa Ntaja kapena pa Ulongwe, atanyamula nsalu za chipani ndi timapaketi ta ufa, akuika chiyani? Ameneyo akugula voti, ndipo akuigula motchipa chifukwa wogulitsayo wagona ndi njala.

Chimanga cha m'nkhokwe za boma chidagulitsidwa njala ya 2002 isadafike, ndipo anthu adadya gaga ndi zitsa za nthochi. Pulezidenti wa nthawiyo, a Bakili Muluzi, ndi mwana wa ku Machinga konkuno, koma ubalewo sudadzaze mphika wa munthu. Mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mu 2024 ng'amba idapsereza minda, mpaka amayi ena a ku Machinga adaphika chitedze, inde choyabwa chija, kuchiwiritsa ndi kutaya madzi kangapo kuti ululu uchoke. Taganizirani wodwala amene akumwa ma ARV m'mimba muli chitedze!

Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa mphatso pokopa mavoti. Wobwera ndi ufa mumulandire mwaulemu, monga mwa mwambo wathu, kenaka mumufunse chifukwa chake Shire amangodutsa pa Liwonde chimanga cha ku Balaka chikufota m'minda.