Bakha waumbombo ndi buku losatsegulidwa

Adzukulu anga, m'chaka cha 1947 Carl Barks, katswiri wa ku America wojambula nthano za zithunzi, anatulutsa nthano ya Khirisimasi yotchedwa Christmas on Bear Mountain. M'menemo ndimo munaonekera koyamba Scrooge McDuck, bakha wolemera koma waumbombo, malume ake a Donald Duck. Kwathu kuno malume ndiye mwinimbumba, koma ameneyu ankauma manja ngakhale kwa ana a mlongo wake.

Mu 1952, m'nthano ya A Christmas for Shacktown, nkhokwe yake inabooka pansi chifukwa cha kulemera, ndalama zonse n'kugwera m'phanga. Chimene chinayamba kuzitulutsa ndi kasitima koseweretsa ana, kamene iye ankakanyoza.

Lero osonkhanitsa timabuku takaleti amatitsekera m'mapulasitiki olimba poopa kuti mtengo ungatsike. Sindikana kuti kusamala chinthu n'kwabwino. Koma buku limene mwana sangalitsegule lasiyana pati ndi nkhokwe ya Scrooge? Mapepala akusungika, phunziro likufa.

Makolo anati kupatsa n'kuika. Khirisimasi ino, amene ali ndi kabuku kotere aitane ana, akhale nawo pamphasa, awawerengere.