Mpikisano wa galimoto: Walira mvula, walira matope

Ku Britain, mpikisano wa liwiro la galimoto si wa akatswiri a Formula One okha. Kumathero a sabata, amakaniki, aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'maofesi amakhamukira kumabwalo monga Silverstone, Brands Hatch ndi Snetterton kukathamangitsa galimoto zawo popanda wowalipira. Kodi chaka chimodzi cha masewerowa chimadya ndalama zotani?

Ambiri amakopeka ndi kutchipa kwa galimoto. Bungwe la 750 Motor Club, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1939, limayendetsa mpikisano wa Locost, womwe gwero lake ndi buku la Ron Champion la mu 1996 lophunzitsa anthu kudzipangira galimoto ndi £250 yokha. Ku America nako, mpikisano wa 24 Hours of LeMons udayamba mu 2006 ndi lamulo loti galimoto isapose $500. Koma lamuloli siliwerengera matayala, mabuleki ndi zida zodzitetezera, zomwe zimadya ndalama zochuluka.

Owerengera bwino amagawa bajeti patatu. Gawo loyamba ndi la zofunika munthu asanaponde pabwalo: mayeso a ARDS, laisensi ya Motorsport UK yomwe imalipiridwa chaka ndi chaka, chisoti, zovala zosagwira moto ndi zitsulo zoteteza dalaivala galimoto ikagubuduka. Kuyambira mu 2016, chida choteteza khosi nacho n'chokakamiza. Malamba omangira dalaivala ali ndi chaka chothera ntchito, ngakhale azioneka atsopano.

Gawo lachiwiri limabwera pa mpikisano uliwonse: ndalama yolowera, mafuta, matayala, mabuleki, ngolo yonyamulira galimoto ndi malo ogona. Ndalamazi ziyenera kuchulukitsidwa ndi chiwerengero cha mipikisano ya chakacho.

Gawo lachitatu, lomwe limagwetsa ambiri mphwayi, ndi ngozi. Inshuwalansi ya pamsewu sigwira ntchito pampikisano, choncho injini ikaphulika kapena galimoto ikaomba khoma, mwini wake amapisa yekha m'thumba. Yemwe sadasungeko kangachepe amathera panjira.

Kukwera mitengo kwa zinthu kudaonjezera mavuto. Mu July 2022 petulo ku Britain adafika pa mapeni 191 pa lita, ndipo mu October chaka chomwecho mitengo ya zinthu idali itakwera ndi 11.1 peresenti. Makalabu amachita lendi mabwalo, kotero opikisana akachepa, otsalawo amagawana mtolo waukulu, zomwe zingathawitse enanso.

Nkhaniyi ikukhudza tsogolo la masewerowa. Lewis Hamilton, yemwe watengapo ukatswiri wa dziko lonse ka 7, adafika pamwamba bambo ake, a Anthony, atagwira ntchito zingapo nthawi imodzi kuti amulipirire mipikisano ya tigalimoto ta ana. Mitengo ikapitirira kukwera, ana aluso a m'mabanja osapeza bwino adzangoonera kunja kwa mpanda, pabwalo patatsala a matumba onona okha.